Ngolo ya asilikali imene inazolowera chimanga

M'makomboni athu mawu akuti "orijino" amakweza mtengo wa chinthu. Foni, nsapato, jezi ya mpira, chaja, ngakhale mafuta odzola, zonse timazifunsa funso limodzi tisanatulutse ndalama: kodi n'zenizeni? Pa chinthu chongotuluka m'bokosi funsoli silivuta. Limayamba kulemera likafika pa chinthu chimene chagwira nchito zaka 50 kapena 60 m'manja osiyanasiyana. Chenicheni chake chimakhala chiti? Mmene chinatulukira ku fakitale, kapena mmene moyo unachiumbira?

Funsoli landigwira chifukwa cha ngolo. Ine ndi msuweni wanga, amene amawotcherera zitsulo pa Katete boma, tikukonza tirela yakale ya asilikali imene yakhala pakhomo pa amalume, m'mudzi wina pakati pa Katete ndi Sinda, kuyambira ife tisanabadwe. Aliyense amene wamva za nchitoyi amatilangiza chimodzimodzi: muibwezere mmene inalili. Koma ngoloyi yakhala ndi moyo woposa umodzi, ndipo kusankha moyo woti tiubwezeretse n'kusankhanso anthu oti tiwakumbukire ndi oti tiwaiwale.

Nchito yoyamba pa chitsulo chakale ndi kuchidziwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu umagwira nchito ndithu. Kutsogolo kwa ngoloyi kuli mphete yochindikala yokoloweka pa ngowe ya motoka, yosiyana ndi kachipewa kamene tirela za masiku ano zimavalira pa mpira wachitsulo. Gudumu lililonse lili ndi mabawuti asanu ndi rimu ya mainchesi 16, ndendende ngati Land Rover yakale. Bokosi lake lilibe chitseko kumbuyo, ndipo pansi pake pali tizibowo totseka ndi kutsegula, totulutsira madzi. Pa chesisi, pansi pa penti ndi matope a zaka zambiri, pali kachikwangwani kachitsulo. Kameneka sakapala ndi sandipepala, chifukwa manambala amapita limodzi ndi dzimbiri. Amakanyowetsa ndi palafini n'kumapukuta ndi kansalu mpaka zilembo zitaonekera.

Zilembo zitaonekera tinawerenga dzina lakuti Sankey, kampani ya ku Shropshire m'dziko la England imene inkapangira asilikali a Britain tirela zokokedwa ndi Land Rover. Pansi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 2330-99. Maiko a m'gulu la NATO amapatsa katundu wa asilikali nambala ya manambala 13: anayi oyamba amanena mtundu wa katundu, ndipo 2330 ndi ya matirela, awiri otsatira amanena dziko, ndipo 99 ndi Britain. Ngoloyi inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu pafupifupi 750. M'chilankhulo cha kwathu, amenewo ndi matumba 15 a chimanga a makilogalamu 50. Tirela za asilikali a ku America, monga M416 ya m'zaka za m'ma 1960 imene inkakokedwa ndi jipi, n'zocheperapo ndipo katundu wake ndi wosafika theka la ameneyu.

Kupezeka kwa chitsulo chotere kuno kummawa sikodabwitsa. Gulu lankhondo la Zambia linachokera mu Northern Rhodesia Regiment, ndipo pa ufulu mu 1964 linayamba ndi zipangizo za Angerezi. Kwa zaka zambiri Land Rover ndiyo inali motoka ya boma, ya apolisi, ya alangizi a zaulimi ndi ya amishoni. Zoterezi zikakalamba zinkagulitsidwa kwa anthu wamba. Amalume amati anaigula kwa mlimi wina wa fodya wa kufupi ndi Chipata, itatha matayala, ilibe magetsi.

Kachikwangwani kaja kamathera pa geti la fakitale. Zotsatira zake zinalembedwa ndi moto wa wowotcherera. Amalume analibe Land Rover, anali ndi ng'ombe ziwiri. Anaphatika chitsulo chachitali kutsogolo kuti pakhale pomangira goli, koma mphete ija sanaidule. Pansi pa bokosi pali zigamba zitatu za malata osiyana makulidwe. M'mbali anaonjezera timizati toimika matabwa kuti thonje lisamagwe. Ngoloyi yasenza chimanga, nshawa, mpendadzuwa, njerwa ndi madiramu a madzi. Yanyamula amayi oyembekezera usiku kukawasiya pa msewu wa Great East kuti akapeze motoka yopita ku chipatala cha St Francis. Yaperekeza maliro kumanda. Chaka china inanyamula ufa ndi nkhuni za anthu a m'mudzimo popita ku Kulamba, ku Mkaika. Zaka zimene yakhala ngolo ya ng'ombe n'zochuluka kuposa zimene inakhala ya asilikali.

Msuweni wanga ali ndi maganizo ake, ndipo si opepuka. "Asuweni," amatero, "tiyeni tidule zonse zimene amalume anaphatikapo. Tiipente girini ya asilikali, tilembe manambala oyera, tiijambule tiike pa Facebook. Ku Lusaka kuli anthu a ma Land Rover amene angalipire ndalama yoti n'kugula ngolo ziwiri zatsopano." Iye ali ndi lendi, ali ndi mwana wa sukulu, ndipo magetsi akazima makina ake owotcherera amagona. Munthu wokhuta yekha ndiye angaseke maganizo otere.

Ambuya athu, mayi wa amalume, anakulira kufupi ndi malire a Mozambique, m'dera limene lero ndi boma la Vubwi. Nthawi imeneyo linali mbali ya Chadiza. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma paokha mu 2012. Kuyambira mu 1987 zigawenga za Renamo zinkadumpha malire kudzaukira midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha, kuba ndi kutenga anthu. Othawa nkhondo ochokera ku Mozambique anadzaza msasa wa Ukwimi ku Petauke. Mtendere unabwera pangano la ku Rome litasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Atamva za penti ya girini, ambuya sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, mtundu umenewo ife tinkauona m'mawa titagona m'tchire." Kwa iwo motoka za asilikali zikadutsa zinkatanthauza kuti kwinakwake kwachitika zoipa usiku. Asilikaliwo ankabwera kudzateteza, koma mtima sunkasiyanitsa mtundu wa motoka ndi mantha a usikuwo. Choiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala.

Choncho pa ngolo imodzi pali anthu atatu: wogula wa ku Lusaka amene akufuna chinthu cha asilikali, amalume amene anaisandutsa chinthu cha kumunda, ndi ambuya amene penti yokha imawakumbutsa kugona kunja. Aliyense akunena zoona. Funso n'lakuti ndani ali ndi mphamvu yonena kuti ngolo yeniyeni ndi iti.

Agiriki akale anali ndi mtsutso wofanana ndi uwu. Plutarch analemba za ngalawa ya Theseus imene anthu a ku Athens ankaisunga, thabwa likawola n'kuikapo latsopano, mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati inali idakali ngalawa yomwe ija. Ife sitifunika kupita ku Athens. Pafupifupi nyumba iliyonse ya kumudzi ili ndi khasu la agogo limene mpini wake wasinthidwa kangapo, ndipo mwina chitsulo chomwe chinasinthidwa. Palibe amene amakayika kuti ndi khasu la agogo. Timalitcha choncho chifukwa cha munda umene linalima ndi manja amene linadutsamo. Kwathu chinthu chimadziwika ndi nchito yake ndi anthu ake. Tikatsatira nzeru imeneyi, zigamba za amalume ndi mbali ya ngoloyi monga mmene kachikwangwani ka Sankey kalili mbali yake.

Nkhani ikanakhala ya penti yokha, bwenzi ili yopepuka. Pamene pamaonekera khalidwe la munthu ndi pofunafuna masipeya. Wokonza chinthu chakale amapeza makomo atatu.

Khomo loyamba ndi sitolo. Bering'i iliyonse ili ndi nambala yodinda m'mphepete. Umachotsa yakutha, kuitsuka, n'kupita nayo ku Chipata kapena ku Lusaka kuti akufananizire, pamodzi ndi silu yotsekera girisi. Matayala a 7.50-16 amapezeka chifukwa timalole tambiri timavala omwewo. Mabawuti a ngoloyi anayezedwa m'mainchesi, choncho sipanala ya mamilimita 13 imalowa molobodoka pa nati ya theka la inchi n'kuidya m'makona. Pamafunika masipanala ake. Soketi ya magetsi ya asilikali ili ndi mapini 12, ndipo mababu ake nthawi zina amakhala a mavoti 24, pamene motoka wamba imayendera mavoti 12. Waya yense amafunika kuyalidwanso. Khomo ili n'lodula, koma umatuluka ndi lisiti ndi mtima wogona.

Khomo lachiwiri ndi la ogulitsa zitsulo zakutha. Ambiri mwa iwo ndi anthu achilungamo amene amatola zimene ena ataya, ndipo popanda iwo theka la ngolo za kummawa kuno bwenzi zitaima. Koma tonse timadziwa kuti pamilu ina pamapezeka ndodo za mjigo wa m'mudzi, zikwangwani za pa msewu ndi masipuling'i a ngolo imene mwini wake anadzuka m'mawa n'kuipeza itakhala pa miyala. Sipuling'i yabwino ikamagulitsidwa pa mtengo wa mbale ya nsima, mtengowo ukukuuza kanthu. Amene amagula mosafunsa amakhala atatuma kale wakuba wa mawa. Kufunsa kuti "mudala, ichi chachokera kuti?" kumachititsa manyazi, ndipo nthawi zina kumakweza mtengo kapena kuthetsa malonda. Manyaziwo ndi ochepa poyerekeza ndi amayi a mudzi wonse kubwerera kukatunga kudambo.

Khomo lachitatu ndi limene landisowetsa tulo, chifukwa palibe lamulo limene limalitseka. Ngolo zambiri za ng'ombe m'midzi yathu zinamangidwa pa ekiselo ndi magudumu a motoka zakale. Msuweni anamva kuti ku Vubwi kuli mayi wina wamasiye amene ngolo yake yakhala pa ekiselo ya mtundu womwewu, mahabu ndi madiramu a mabuleki zili bwinobwino, pamene zathu zinadyeka. Kwa mayiyo ndi chitsulo chakale chimene malemu amuna awo anasiya. Munthu atafika ndi ndalama ya mbuzi imodzi m'mwezi wa Januwale, nkhokwe itapepuka, mwina angavomere ndi kuthokoza komwe. Palibe kuba pamenepo. Wogulitsa wavomera, wogula walipira.

Koma kuvomera kwa munthu amene sakudziwa zimene iwe ukudziwa kumalemera bwanji? Ife tili ndi foni ndi intaneti, tikudziwa kuti chitsulocho n'chosowa ndipo chikhoza kukweza mtengo wa tirela yathu. Iwo akudziwa kuti ana ali ndi njala lero. Pofika Meyi, chimanga chitauma m'munda, adzayamba kulipira ngolo ya eni ake thumba ndi thumba. Tikatero ndiye kuti tapha ngolo yamoyo kuti tidzutse yakufa, ndipo yakufayo ikupita kukaima pa kapinga ku Lusaka. Ine ndikuona kuti pali njira imodzi yokha yoyera yolowera khomo limeneli: kuwauza mayiyo chimene chitsulocho chili ndi chifukwa chake tikuchifuna, kuwabweretsera ekiselo ina yolimba, kuimanga pa ngolo yawo, kuiona ikuyenda, kenako n'kukambirana za ndalama yapamwamba. Msuweni anawerengera n'kunena kuti tikatero phindu lithera m'njira. Ngati n'choncho, ndiye kuti phindulo linali lopangidwa ndi kusadziwa kwa mayiyo, ndipo silinali lathu chiyambire.

Pali chiyeso china chaching'ono chimene chimabwera ndi mawu aja akuti orijino. Pa intaneti amagulitsa tizikwangwani tatsopano topanda kanthu, tofanana ndi ta asilikali, ndipo aliyense wokhala ndi nyundo ndi zodindira akhoza kulembapo chaka chimene akufuna. Nkhani nayonso imadindidwa mosavuta: "iyi inamenya nkhondo ku Burma." Tirela za mtundu uwu zinapangidwa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 itatha kale, choncho nkhani yotero ndi bodza lovala yunifolomu. Wonamizidwa woyamba ndi wogula. Achiwiri ndi agogo athu amene anapitadi ku Burma ndi ku Ethiopia, chifukwa masautso awo asanduka zokometsera malonda.

Wina anganditsutse motere: kodi kubwezeretsa chinthu mmene chinatulukira ku fakitale si njira yosungira mbiri? Kodi tisiye zonse zidyeke ndi zigamba? Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu. Dziko lathu silinataye mbiri ya asilikali ake. Msasa wa asilikali wa ku Chipata umatchedwa Gondar, dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1941. Ku Ndola kuli Tug Argan, ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin, onse maina a malo amene asilikali anamenyerako nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Munthu amene wakonza tirela monga inalili ku usilikali, n'kuiika poti ana a sukulu aione, n'kunena poyera kuti ichi n'chakale ndipo ichi ndaikapo ine, wagwira nchito yabwino. Sindikumuweruza.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mbiri ya usilikali ili ndi oisunga: misasa, zipilala, mabuku, ma parade. Mbiri ya ngolo ya ng'ombe ilibe woilemba. Wosonkhanitsa zinthu zakale akaona chitsulo cha goli chija amati ngolo inaonongedwa. M'mawu amodziwo wafafaniza zaka zonse zimene inadyetsa banja. Ndipo ife achinyamata timakopeka msanga ndi maonekedwe a nkhondo chifukwa tinaionera m'mafilimu. Timakonda mathalauza amawangamawanga, ngakhale asilikali akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zofanana ndi yunifolomu yawo. Girini ija kwa ife ndi fashoni. Amene anaidziwa nkhondo pakhungu nthawi zambiri safuna ngakhale kuitchula.

Anansi athu a ku Mozambique anapeza njira imene imandithandiza kuganiza. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu la dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, makina osokera, njinga ndi zomangira nyumba. Mfuti zina zimene anthu anabweza zinadulidwa n'kuperekedwa kwa amisiri a ku Maputo. Mmodzi wa iwo, Kester, anawotcherera mpando wa mfuti zokhazokha mu 2001, ndipo amisiri anayi anapanga mtengo waukulu wa zitsulo za mfuti umene unaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Ukayang'ana zithunzi za zinthuzi, mipope ndi zigwiriro za mfuti zimaonekabe. Amisiriwo sanabise kumene chitsulo chinachokera, ndipo sanachibwezere kumene chinachokera. Ngolo yathu si mfuti ndipo sinaphe munthu, koma amalume ndi makina awo obwereka anachita chinthu chofananako popanda wowajambula.

Ndiye tichite chiyani ndi tirela ya pakhomo pa amalume? Ine ndafika apa. Zonse zokhudza moyo wa munthu zikonzedwe mosanyengerera: mabering'i, mabuleki, masipuling'i, mphete yokokera, magetsi, ndipo ngati idzakokedwa ndi motoka pa msewu wa boma ikalembetsedwe ku RTSA. Pa zimenezi chikondi cha zakale chilibe malo, chifukwa gudumu likathothoka pa Great East silifunsa chaka chimene linapangidwa. Zonse zimene ndi umboni zisiyidwe: kachikwangwani ka Sankey katsukidwe n'kupakidwa vanishi, zigamba za amalume zilimbitsidwe pamene zafooka, chitsulo cha goli chipangidwe chomasula ndi mabawuti kuti ngolo izitha kukokedwa ndi ng'ombe kapena motoka, ndipo kachigawo ka girini yakale kamene katsala kunsi kwa madigadi kasapentedwe. Ndipo chilichonse chimene ndi bodza chisaonjezedwe, kaya ndi nambala, chaka kapena nkhani.

Msuweni sanagonje pa zonse, ndipo ali ndi ufulu wotero, chifukwa manja amene akugwira nchitoyi ndi ake. Tagwirizana ziwiri. Ekiselo ya ku Vubwi sitiigwira pokhapokha mayi aja atakhala ndi ina yoyenda. Ndipo ngati tsiku lina tirelayi idzagulitsidwa, isanatuluke pakhomo padzakhale pataima ngolo ina, ndipo wogula adzamve mbiri yonse, ya usilikali ndi ya chimanga yomwe. Akaipenta girini kwake, adzakhala akudziwa chimene akukwirira. Za mtundu wa penti tinafunsa ambuya. Anasankha buluu, ati ndi mtundu wa chitseko cha nyumba yoyamba ya malata imene anagonamo nkhondo ya kumalire itatha.

Ambiri mwa ife a m'komboni tinabadwira kwina, tinaphatikidwa kwina, ndipo chilankhulo chathu chomwe chili ndi zigamba za Chibemba ndi Chingerezi. Timadziwa kuyabwa kwa mtima kofuna kupala mbali ina ya mbiri yathu kuti tikwere mtengo: kubisa mudzi, kukongoletsa satifiketi, kunena kuti bambo anali chakuti pamene anali mlimi. N'chifukwa chake nkhani ya chitsulo chadzimbiri ndaibweretsa pano. Mukadzapeza njinga ya agogo, makina osokera a amayi kapena ngolo yosiyidwa kuseri kwa nkhokwe, musanagule sandipepala fufuzani amene anachigwiritsa nchito akadali moyo, muwafunse chigamba chilichonse chinabwera liti ndipo chifukwa chiyani. Masipeya mudzawapeza ku Chipata ngakhale chaka cha mawa, koma oti ayankhe mafunso amenewa akutha chaka ndi chaka.